Anayamba Kumumva Amna Ndani?

Sumayyah anatuluka m'chipinda cha mayeso a Folomu 4 ali ndi chikhulupiriro chonse kuti moyo uyamba mawa lake lomwelo. Mawa linafika, mkuja n'kufikanso, miyezi n'kumatha, zotsatira osatuluka. Chimene chinkatuluka tsiku lililonse ndi dzuwa la Okutobala, fumbi la ku Kanjedza, ndi mawu a mayi ake, a Aminatu: "Poti sukulu watha, uziperekeza mng'ono wako."

Mng'ono wakeyo anali Amna, wa zaka zisanu ndi ziwiri, wamaso akuluakulu ngati a bambo ake. Chibadwire sanatchulepo liwu ndi limodzi lomwe. Madokotala anati ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa otizimu. Anthu a pamzere wa nyumba zawo anati ayi, bambo ake, Che Abdala, anamukhwimira mwanayo kuti minibasi yawo izidzaza. Che Abdala akamva zimenezi ankangoseka, n'kunena kuti akanakhala okhwima bwenzi galimotoyo ikulira yokha m'mawa, osati mpaka anyamata a pamzere onse atuluke thukuta poikankha.

M'mawa uliwonse atsikana awiriwa ankakwera minibasi ya bambo awoyo, kudutsa Chichiri ndi Ginnery Corner mpaka m'tauni, kenako n'kuyenda pansi kulowera ku Sunnyside. Kumeneko, m'nyumba yakale yakhonde lalikulu, Mayi Mildred anali ndi kasukulu ka ana ngati Amna. M'minibasimo Amna ankakhala pampando woyandikana ndi chitseko, zala zili m'makutu, koma maso ali pa dzanja la Kenny, kondakitala wa bambo awo.

Kenny mawu anamuthera kalekale ndi kuitanira, moti ankalankhula ngati wameza utuchi. Ndiye anali ndi njira yakeyake. M'thumba mwake simunkasowa khobidi lakale la K10, lija loti masiku ano ngakhale wogulitsa switi amalikana. Munthu akafuna kutsika, Kenny ankagogoda nalo pachitsulo cha chitseko, nge nge nge, Che Abdala n'kuponda buleki. Anthu akatha kukwera, ankamenya denga ndi chikhatho, phwa, galimoto n'kunyamuka. Sumayyah ankaziona zimenezi osaziona. Iye maso ankakhala pawindo, akudzipenya m'maganizo atavala gauni, akutsika ndege ku Chileka, atolankhani akukankhana kuti amve mawu ake. Mawu onena zachiyani, anali asanasankhe.

Zinachitika madzulo ena a Lachisanu, a Aminatu akumuluka Amna tsitsi pakhonde. Ntchito imeneyi pakhomopo inali nkhondo. Inkayamba bwinobwino, koma pakati pa mutu Amna ankakuwa mpaka agalu a kwa aneba kuyankhira, kenako n'kudzimenya pansi, tsitsi n'kugona lili theka. Tsikulo Sumayyah anali chigonere pamkeka, akutopa ndi kusachita kanthu. Anamva kaphokoso, nge nge nge. Anatukula mutu. Amna anali atatola chitsekerero cha botolo la Fanta, akugogoda nacho mwendo wa mpando wachitsulo. Mayi awo sanalabadire, anapitiriza kukoka tsitsi. Nge nge nge. Milomo ya Amna inayamba kunjenjemera.

Kaya chinamugwira n'chiyani, Sumayyah anangodzuka n'kunena kuti, "Amayi, taimani."

"Ndiimirenji? Ndikufuna ndithe dzuwa lisanalowe."

"Taimani kaye, chonde. Chotsani manja."

A Aminatu anachotsa manja. Amna anapuma mozama, n'kukhala phee. Sanalire. Anayang'ana nyerere zimene zinkadutsa pakhoma, anazilondola ndi maso mpaka zinalowa mumng'alu. Kenako anatambasula kadzanja kake n'kumenya mpando, phwa.

"Pitirizani," anatero Sumayyah. "Akuti tiyeni."

Anapitiriza. Patapita kanthawi, nge nge nge, anaima. Phwa, anapitiriza. Tsitsi linatha lonse, mizere yake yowongoka ngati ya mkwatibwi, popanda msozi ndi umodzi womwe, kupatula misozi ya a Aminatu amene ankaipukuta ndi nsonga ya mpango akunena kuti Alhamdulillah, Alhamdulillah, mwana wanga wakhala akundiuza ine osamva.

Sabata imeneyo anayesa paliponse, posamba, povala, pakudya phala, ndipo paliponse zinatheka. Kenny atamva anapereka khobidi lake lija kwa Amna, iye n'kupeza lina. Koma munthu amene Sumayyah ankafunitsitsa kumuuza sanali wa pakhomopo.

Aloysius anali wophunzira za udokotala amene ankabwera kudzathandiza kwa Mayi Mildred akapeza mpata. Anali wamtali, malaya ositidwa bwino koma nsapato zafumbi, ndipo ankayamba kuseka ndi maso pakamwa pasanadziwe. Sumayyah anali atalankhula naye mawu osakwana odzaza supuni, koma m'mutu mwake nyumba yawo inali itamangidwa kale ku Namiwawa, makatani ataikidwa. Ngakhale nkhani yoti iye ndi Msilamu pomwe mnyamatayo ndi Mkatolika anali ataikambirana yekha n'kuithetsa mwamtendere.

Anamupeza pakhonde la sukulu akukonza gudumu la kanjinga ka ana. Anamufotokozera zonse mothamanga, mawu akupondana, mpaka Aloysius anasiya sipanala pansi.

"Tabwereza, pang'onopang'ono. Unadziwa bwanji?"

"Ndinangomva. Ndinati phokosoli ndimalidziwa."

Aloysius anaitana Amna, n'kuyamba kumupukuta manja ndi kansalu. Nge nge nge. Anaima. Phwa. Anapitiriza. Anaseka mpaka kukhala pansi pasimenti.

"Iwe Sumayyah, ukudziwa kuti umu ndi mmene zonsezi zinayambira? Munthu kukhala pansi n'kumayang'ana mwana. Ukuganiza kuti amene anayamba kulemba momveka za ana ngati Amna anali ndani?"

"Mzungu wina wake wandevu."

"Mayi. Dokotala wachitsikana wa ku Russia, m'zaka za m'ma 1920. Ankakhala ndi ana tsiku ndi tsiku, kuona mmene akusewerera, chimene akuopa, chimene chikuwakondweretsa, n'kulemba zonse. Patadutsa zaka pafupifupi makumi awiri, madokotala awiri aamuna, wina ku America wina ku Austria, analembanso za ana otere. Mayina amene analowa m'mabuku ndi a awiriwo. Ife tomwe m'kalasi tinayamba kumva a iwowo."

"Anamubera!"

"Palibe akudziwa bwinobwino. Ena amati anawerenga n'kukhala chete, ena amati sanazione n'komwe. Anthu ophunzira akukanganabe mpaka lero."

"Nanga mayiwo anatani? Sanapite kukawakalipira?"

"Anapitiriza kugwira ntchito ndi ana mpaka ukalamba. Dzina lawo layamba kumveka posachedwapa, eni ake atapita kale."

Sumayyah anamva kutentha kumaso ngati wolakwiridwayo ndi iyeyo. Anawaona mayiwo m'maganizo, atavala chikhoti chachikulu, akuyenda okha m'chisanu, anthu akuombera m'manja anthu ena.

"Ine sindingalole," anatero. "Wallahi, a Aloysius, ine ndiye ayi. Mbewa yamanyazi inafera kuuna."

"Ndiye usafere kuuna. Loweruka la sabata yamawa ndi tsiku la makolo. Ine ndikamba mbiri yomwe ndakuuzayi, ndikatha ndikuitana iwe. Uwauze wekha chimene wapeza, ndi dzina lako. Ndikawapempha Mayi Mildred."

Kuchoka ku Sunnyside tsiku limenelo Sumayyah sanamve kuti mapazi akugunda pansi. Maluwa a jakaranda anali atayala msewu wonse, ndipo iye anaona kuti anayalira iyeyo.

Anthu akuba dzina anawapeza kwawo komwe. Linali Lamulungu masana, Che Abdala ndi Kenny akutsuka minibasi pabwalo, azakhali ake a Khadijah, amene amagulitsa samusa mumsika wa Limbe, atakhala pakhonde akusenda anyezi. Sumayyah analengeza kuti Loweruka akalankhula pamaso pa anthu za njira imene wapeza.

"Wapeza?" anatero Kenny ndi mawu ake autuchi, akufinya chisanza. "Achemwali, tizinena zoona. Khobidi ndi la ndani? Anayamba kugogoda m'dziko muno ndani? Ineyo ndi pulofesa wa zimenezi."

"Pulofesa wa chiyani iwe," anatero Che Abdala ali pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka. "Ukanamagogoda ine osaima, mwanayu akanaphunzirapo chiyani? Anaona kuti ukagogoda, bambo ake amamvera. Nzeru yagona pa buleki."

"Madala, inu nthawi zina mumapitirira siteji."

"Ndikakhala kuti ndaona apolisi."

"Nonsenu mukunama," anatero a Khadijah akuloza ndi mpeni. "Ine ndinanena mwanayu ali wakhanda, tsiku lomumeta tsitsi loyamba, kuti uyu nkhani yake ili m'zala. Aminatu, sindinanene?"

"Munati adzakhala telala, alamu."

"Telala amasoka ndi chiyani? Si zala?"

"Inetu musandiwerengere," anatero a Aminatu akuseka. "Ine ndinangomubereka."

Sumayyah anaima pakati pa bwalo manja ali m'chiuno. Akuluakulu onsewa ankaseka, koma iye sankaona choseketsa. Umu ndi mmene anawachitira mayi a ku Russia aja, anaganiza, mwina nawonso zinayamba ndi nthabwala.

"Nonse munalipo! Kenny, iwe umakhala naye tsiku lililonse. Ababa, inu mumamva kugogoda kuposa aliyense. Koma amene ananena kuti taimani ndani? Ndine!"

"Ee, wakwiya dokotala," anatero Kenny.

"Ndipo Loweruka mubwere mudzamve nokha. Bwerani nonse. Muitanenso ena, mboni zichuluke."

A Khadijah anasiya anyezi, maso atawala. "Mwana wa mchimwene wanga akalankhule ku Sunnyside, kumayadi, ife n'kukhala pakhomo ngati amasiye? Zisiye m'manja mwanga, mwanawe. Adziwanso kuti uli ndi abale."

Sumayyah anasangalala. Mayi a ku Russia aja chinawasowa n'chimenechi, anaganiza, analibe azakhali.

Sabata yonse anayeserera pagalasi la m'chipinda. Anasintha poyambira kambirimbiri, koma nthawi zonse ankabwerera pa mawu omwewo: Dzina langa ndine Sumayyah Abdala. Ankawanena mokweza, motsitsa, akumwetulira, ataumitsa nkhope. Anasankha hijabu yobiriwira, n'kuisiya, n'kuitenganso.

Loweruka m'mawa Che Abdala anachotsa chikwangwani cha Limbe pagalasi. Tsiku limenelo minibasi sinali ya malonda. Inadzaza ndi amayi a pamzere, kuphatikizapo aja ankanena za kukhwima, onse atavala zitenje zofanana zimene zinatsala pa ukwati wa chaka chatha. Panali anzake a Khadijah a mumsika, ndi Wahab, woitanira wa pa depoti ya Limbe wowagulitsirako samusa kumeneko, amene anabwera ndi wezulo m'khosi. Wina ananyamula nkhata ya maluwa apulasitiki. Anayimba njira yonse, moti pa Ginnery Corner anthu ankaima kufunsa kuti akukwatiwa ndani. Amna anali atapita kale m'mawa ndi mayi ake.

Mayi Mildred anawachingamira pageti. Anali mayi wamfupi, wa imvi zoyamba kumene, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Ataona khamulo likutsika, anameza malovu.

"Takulandirani ndi manja awiri. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Ana athu ambiri phokoso limawapweteka ngati moto. Muno timalankhula motsitsa, ndipo sitiomba m'manja. Tikakondwa timakweza manja n'kugwedeza zala, chonchi."

"Musadandaule, mayi," anatero a Khadijah. "Ndife anthu omva. Wahab, bisa chimenecho."

"Nanga maiki ali kuti?" anafunsa mayi wina.

"Kulibe maiki."

"Msonkhano wopanda maiki?" Anayang'anana mwachisoni, koma analowa mwaulemu, akuyenda chonyang'ama ngati alowa m'chipatala.

Ndipo kunena zoona anayesetsa. M'chipinda chachikulu chija, makolo atakhala ndi ana awo m'mipando yachitsulo, anthu a ku Kanjedza anakhala kumbuyo manja ali pamiyendo. Mayi Mildred atalankhula, anagwedeza zala m'mwamba, akuyang'anana n'kumadziletsa kuseka. Aloysius atayamba mbiri ya dokotala wa ku Russia, anatchera khutu ngati ndi sewero la pa wailesi. Atafika poti mayina a amuna awiri ndiwo analowa m'mabuku, a Khadijah ananong'ona, kunong'ona kwake komveka mpaka kukhitchini, "Amuna ndi choncho. Ngakhale samusa, amati za kwa Che Wahab pomwe wokazinga ndine." Wahab anayang'ana kudenga.

Sumayyah sankamva zambiri. Ankangobwereza mumtima, dzina langa ndine, dzina langa ndine.

"Tsopano," anatero Aloysius, "ife pano sitikufuna kudikira zaka kuti titchule munthu. Pali mtsikana wina pakati pathu amene waona chinthu chimene tonsefe sitinachione. Ndikuitana..."

Dzinalo palibe analimva. A Khadijah anali atadzigwira kuyambira pageti, ndipo apa chingwe chinaduka. Nthungululu inaphulika ngati sayirini. Anzawo anailandira, Wahab wezulo anali kale pakamwa, nyimbo ya paukwati inayambika, mipando ikukankhidwa. Amayi anavula zitenje zapamwamba n'kuziyala pansi kuti mwana wawo apondepo, ena akuvina chobwerera m'mbuyo patsogolo pake. Kodi mwana wa munthu angaitanidwe kutsogolo abale ake n'kumagwedeza zala ngati akuumitsa manja? Kumeneko ndiye kumuchititsa manyazi.

Sumayyah anayenda pazitenjezo. Nkhata ya maluwa inagwera m'khosi mwake. Aloysius anali chiimire, kukamwa kuli yasa, koma iye anaona ngati akumusirira. Zinali ndendende ngati m'maloto ake a pawindo la minibasi, mwinanso kuposa. Anafika kutsogolo, anatembenuka, anakweza chibwano.

Apo m'pamene anaona chipinda chonse. Kamtsikana kena kanali katalowa pansi pa tebulo katadzikulunga ngati bongololo. Mayi wina ankatuluka chothamanga atanyamula mwana wamkulu ndithu amene ankaponya miyendo. Mayi Mildred ankakupiza manja kupempha bata, koma ovinawo ankayesa akuvina nawo. Ndipo pakona, pafupi ndi a Aminatu amene anali atatsekerezedwa ndi misana ya anthu, panali Amna. Dzanja limodzi linali kukhutu. Linalo linkagogoda khobidi pamwendo wa mpando. Phokoso lake silinkamveka m'chisokonezomo, koma dzanjalo linkaoneka, likukwera n'kutsika, likukwera n'kutsika. Sankalira. Ankapempha mwaulemu, m'njira yokhayo imene ankaidziwa, ndipo ankayang'ana mkulu wake.

Nyimbo inali ikutsika yokha tsopano, anthu akukonzeka kumva mawu ake. Akanangodikira pang'ono, akanatha kunena. Dzina langa ndine. Mawuwo anali kale pa lilime. Koma ankadziwanso kuti akangotchula dzinalo azakhali aphulikanso kuposa poyamba, ndipo milomo ya Amna inali itayamba kunjenjemera.

Sumayyah anatola supuni patebulo la tiyi, n'kugogoda pazitsulo za pawindo. Nge nge nge.

Phazi lamanja la Che Abdala linaponda simenti, gu, kufuna buleki pomwe panalibe. "Wotsika!" anakuwa Kenny asanaganize. Wahab wezulo inamugwa pakamwa. Amayi onse aja, anthu okwera minibasi moyo wawo wonse, anangoti zii, wina mwendo uli m'mwamba.

"Amna akuti tiime," anatero Sumayyah motsitsa.

Anadutsa pakati pawo, n'kutambasulira mng'ono wake dzanja. Amna anagwira chala chimodzi, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo anatuluka.

Kuseri kwa nyumbayo kunali mtengo waukulu wa jakaranda ndi benchi yathabwa. Anakhala pamenepo. Amna anayamba kutola maluwa ogwa n'kumawandandalika pabenchi, lililonse kuyang'ana mbali imodzi. Sumayyah anavula nkhata yapulasitiki ija n'kuiika pambali. Sabata yonse ya pagalasi, hijabu yobiriwira, zonse zathera m'supuni. Ndipo anthu aphokosowo anawaitana ndi iye mwini. Anafuna kulira, koma anapeza kuti akuseka akakumbukira phazi la bambo ake.

"Pepani, achemwali."

Anali mayi uja anatuluka atanyamula mwana. Tsopano mwanayo, mtsikana wamkulupo kuposa Amna, anali atakhala paudzu akudzigwedeza pang'onopang'ono. Kumbuyo kwawo kunali amayi ena angapo amene anathawiranso kunja ndi ana awo.

"Ine ndine Ndaziona, mayi ake a Zione uyu. Ndinali pakhomo pamene munagogoda paja. Chimene chija n'chiyani? Mwati mwanayu ndi amene ananena?"

Sumayyah anafotokoza. Sanayambe ndi mawu a pagalasi aja, anangoyambira pa tsitsi, pa chitsekerero cha Fanta, pa Kenny ndi mawu ake autuchi. Amayiwo anasendera pafupi, ena kukhala paudzu. Anafunsa mafunso ambiri, ena oti iye sankadziwa yankho lake, ndipo ankangonena kuti kaya.

"Ndiye tikagule makobidi?" anafunsa mayi wina.

"Ayi, sindikuganiza choncho. Amna ndi mwana wa m'minibasi, n'chifukwa chake anatola za m'minibasi. Wanuyo mwina anatola zina. Inu a Ndaziona, Zione amakhala kuti tsiku lonse akakhala kuti sali kuno?"

"Amakhala nane pashopu, ku Chilobwe. Ndimasoka."

"Amachita chiyani inu mukamasoka?"

"Aa, zosokoneza basi. Amangogwira gudumu la makina ine ndili pakati pa msoko. Ndimamumenya kadzanja." A Ndaziona anaima, n'kuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. "Amagwiranso dzanja langa chimodzimodzi ndikamamusambitsa," anatero pang'onopang'ono. "Chimodzimodzi ngati gudumu."

Kenako mayi wina anakweza manja n'kugwedeza zala, enawo n'kutsatira, akuseka mopanda phokoso, a Ndaziona misozi ili mbwe.

"Mungabwere kwathu mudzamuone? Mwina ine ndikudzinamiza. Inu muli ndi diso."

"Ndibwera."

"Ndikawauze bambo ake kuti kukubwera ndani?"

"Sumayyah."

"Sumayyah wa kuti?"

"Wa ku Kanjedza. Mwana wa Che Abdala a minibasi."

"Sumayyah wa ku Kanjedza," anatero a Ndaziona, akutembenukira kwa mnzawo amene sanamve bwino. Mnzawoyo anauza wina, winayo n'kutulutsa foni kuti asunge nambala, akufunsa ngati ku Ndirande angafikenso.

Aloysius anatulukira pakona ya nyumba atanyamula mbale ya samusa.

"Azakhali ako atumiza izi, akuti ndi chipepeso. Mayi Mildred akuti ukhoza kubwerera ukamalize. Onse alumbira kuti akhala ngati ali mumzikiti."

Sumayyah anayang'ana Amna. Anali akadali pa maluwa ake, khobidi lili m'chibakera.

"Sanatilole, sanamenye benchi," anatero.

"Chabwino." Aloysius anakhala kumapeto kwa benchi, mosamala kuti asasokoneze mzere wa maluwa. "Komabe ndawauza. Ndatchula dzina lako bwinobwino, azakhali ako n'kundikonza katchulidwe. Kenako Kenny waimirira kuti anthu adziwe mwini khobidi. Bambo ako akuti buleki. Panopa akukangana monong'ona. Chibadwire sindinaonepo anthu akulozana zala kumaso mopanda mawu. Mayi Mildred alowa kukhitchini kuti akaseke bwino."

Sumayyah anatenga samusa. Inali yotentha, ya tsabola wambiri, ndipo anazindikira kuti chidzukire sanadye kanthu. Phewa la Aloysius linali pafupi kwambiri moti ankamva fungo la sopo wa malaya ake, koma chodabwitsa n'chakuti maganizo ake anali pa gudumu la makina osokera, ndi kadzanja ka Zione.

"A Ndaziona," anaitana, pakamwa pali samusa, "ndibwere liti?"

"Loweruka la mawa lingakhale bwino. Ndikonzeko pakhomo."

"Loweruka? Kutalitu kumeneko. Bwanji mawa?"

"Mawa tili kutchalitchi, mwanangu."

"Mumaweruka nthawi yanji?"

A Ndaziona anaseka, n'kuyang'ana Aloysius ngati akufunsa kuti mwana ameneyu amakhala chonchi nthawi zonse. Aloysius anangogwedeza mutu kuvomera.

"Bwerani masana," anatero mayiwo. "Mukatsika pamsika wa Chilobwe mufunse pa telala wamkazi. Makina ndikhala nditatsegula."